Nyimbo ya Kuseri kwa Mphasa

Amuna anga ankawadziwa amayi anga ndi makutu okha. Sindikukometsa nkhani ayi. Kwathu, kumunsi kwa Balaka ukamalowera ku Nkaya, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana. Akakumana panjira, mwamunayo ankapatukira m'tchire, mayiwo n'kutembenukira kumbali nsalu ili kumaso, mpaka wina atadutsa. Mawu ankadzera mwa munthu wina ngakhale onse ali pabwalo limodzi, ndipo pakhomo pathu munthu winayo ndinali ine. Manyaziwo ankatha mwana woyamba akabadwa. Apongozi ankanyamula mdzukulu n'kuitana mkamwini kuti adzamuone, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo ankalankhulana ngati mayi ndi mwana wake. Koma kwa ife mwanayo sankabwera.

Tinakwatirana nkhondo yaikulu ija itangotha. Iwo anali ochokera kumapiri a ku Machinga, mphunzitsi pasukulu ya mishoni, munthu wamtali, woonda, wa choko m'zikhadabo. Khasu ankaligwira ngati lawalakwira. Mizere yawo kumunda inkayamba bwino, koma pofika pakati inkakhota, chifukwa mutu unali utapita kale kunyimbo. Ndinkawakalipira, iwo n'kumangoseka, ine n'kupezeka ndasekanso. Ndinkawakonda kwambiri bambo amenewa, ndipo sindinkabisa.

Dzinja linabwera n'kupita kangapo, ine osaima. Amalume, eni mbumba, anayamba kulankhula. Poyamba ankalankhulira kumowa, kenaka anafika nazo pakhonde pa amayi, ine ndikumva.

"Mlongo, tambala timamusunga chifukwa cha anapiye, osati chifukwa cholira bwino. Tikakolola ndiitana ankhoswe, mnyamatayu azipita kwawo."

Palibe anafunsa ngati vuto linali la iwo kapena langa. Palibe anandifunsa ngati ndinkafuna tambala wina. Ndinapsa mtima mpaka ndinathyola chipande tsiku limenelo. Koma pamudzi ponse ankadziwa kuti mawu otsiriza anali kwa amayi, poti mwana ndinali wawo ndipo bambo anali atamwalira kalekale. Amayi sanavomere, sanakanenso. Anangopitiriza kusenda nandolo wawo.

Nthawi yomweyo ndi imene amuna anga anadwala matenda a galamafoni. Wansembe wina wa pamishoni, amene anawaphunzitsa kulemba nyimbo papepala, anali atalandira mbale zatsopano zochokera kwawo ku Ulaya. Sizinali nyimbo za m'tchalitchi, sizinali zovina. Anali munthu mmodzi woimba, atazunguliridwa ndi kagulu kochepa ka zoimbira. Tsiku lina amuna anga ananditenga kuti ndikamve. Ndinakhala pambali pa khomo mwaulemu, mbale n'kuyamba kuzungulira, ndipo ndinamva ngati ziwiya zagwa pathandala mayi wina akulira pafupi. Pobwerera ndinawauza zomwezo.

"Iyayi, sunamvetse," anatero. "Zoimbira zija sizikumulondola mayi uja. Zikucheza naye. Pena zikumutsutsa, pena zikumusiya yekha dala, kenaka zikubwera kudzamunyamula."

"Ndiye ndi anthu oipa mtima, omusiya mnzawo aziimba yekha."

Anaseka, n'kundiuza kuti nawonso ankalemba nyimbo yawo. Ndinali nditawaona kale Loweruka lililonse atawerama patebulo, akujambula timitu takuda ta michira ngati mbululu pamizere isanu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nyimboyo ankalembera mawu a amayi anga.

Amayi anali woimba wa mudzi wonse. Pamaliro, paukwati, pamtondo, iwo ndiwo ankayambitsa, ena n'kumalandira. Ankaimba ngakhale pochokera kudambo mtsuko uli pamutu, ndipo apa ndi pamene amuna anga ankawamvera. Akamva mawu akubwera, ankadumphira m'munda mwa nandolo monga mwa mwambo n'kunyonyomala. Mkamwini wina akanangodikira kuti apongozi adutse. Awa ankatchera khutu, chala chikulemba pansi. Anandiuza kuti pali pena pamene mawu a amayi amatsika, n'kuima pang'ono ngati munthu akufuna kulumpha ngalande, kenaka n'kukatera kumene sumayembekezera. Anati zimenezo sanazimvepo kwa wina aliyense, ngakhale m'galamafoni muja.

"Ndiye mukufuna kutani?" ndinafunsa.

"Ndikufuna aimbe iwo eni ake. Pachikondwerero cha mishoni, chimanga chikalowa m'nkhokwe."

"Aphunzitsi, mwapenga? Anthu akukonza zokuthamangitsani, inu mukufuna kuwaimika amayi kutsogolo ngati mwana wa sukulu?"

Ndinkayesa ndi nzeru yofuna kuwanyengerera amayi, ndipo ndinawauza kuti amayi sanyengerereka. Anapukusa mutu. Anati za ankhoswe ankazidziwa, ndipo sakanatha kuzisintha. "Koma ngati ndikupita, ndikufuna ndiimve kamodzi ndisanapite. Kwathu kulibe angaiimbe." Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinatuluka panja kuti asaone nkhope yanga.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi. Uthenga umene amuna anga anandituma unali wautali, wonena za kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ine ndinaufupikitsa.

"Amayi, apongozi anu akuti kuchokera ku Phalula mpaka ku Liwonde palibe wa mawu ngati anu. Akuti apeka nyimbo imene wina aliyense singamukwane."

Amayi anaika lichero pansi. "Zoti palibe wina n'zoona," anatero. Kudzichepetsa pa nkhani ya kuimba sikunali khalidwe lawo. Anafunsa ngati nyimboyo inali ya maliro kapena ya ukwati, ndinati si ya chilichonse. Anati nyimbo yopanda ntchito sanaimvepo, ndipo ankafuna aione mmene imakhalira. Koma panali lamulo limodzi: pakati pa iwo ndi apongozi awo pakhale mphasa.

Choncho Loweruka lililonse masana tinkasonkhana m'kalasi. Amuna anga anapingasa nsungwi kuchokera pazenera mpaka pamwamba pa bolodi, n'kupachikapo mphasa yatsopano. Mbali ino kunali amayi okha, atakhala pampando wa aphunzitsi ngati mfumukazi. Mbali inayo kunali amuna anga ndi gulu lawo. Limba lopopa ndi mapazi ankaimba ndi mphunzitsi mnzawo. Lipenga linali ndi bambo wina amene anabwera nalo kuchokera kunkhondo. Ndiye panali anyamata awiri apachibale a ku Nkaya, Asilamu ogwira ntchito panjanji, amene ankaimba mangolongondo, mitengo ija yoyala pa makungwa a nthochi. Awa anavomera kubwera chifukwa sukulu si tchalitchi, komanso chifukwa ankafuna kuona mkamwini akulamula apongozi ake.

Sanaone zimenezo ayi. Wolamula anali amayi. Amuna anga ankati akaimba mzere palimba kuti amayi aumve, mawu ankabwera kuchokera kuseri kwa mphasa.

"Iwe, uwauze kuti akulakwitsa. Ine sindiimba choncho."

Ine n'kutembenuka: "Akuti mukulakwitsa."

"Ndamva. Uwafunse kuti iwo amaimba bwanji."

Amayi ankaimba. Amuna anga ankatseka maso, kenaka n'kufufuta mbululu zawo, n'kujambula zina. Mwezi usanathe pepala linali litabooka ndi kufufuta. Sanadandaulepo. Ankabwera kunyumba nkhope ikuwala, akuti nyimbo yayamba kupuma. Mawu a nyimboyo anali ochepa, a munthu wodandaula kuti njira ya kumunda kwa mayi wake yamera udzu. Amayi ankawatembenuza mawu omwewo uku ndi uku mpaka anyamata a mangolongondo ankaiwala kumenya.

Vuto linali dzanja. Nyimbo yamtundu umenewu siyenda ndi ng'oma yoti aliyense aziitsata. Imaima, imathamanga, imaimanso, ndipo onse amayang'ana dzanja la wotsogolera kuti adziwe polowera. A limba, a lipenga ndi anyamata aja dzanjalo ankaliona. Amayi sankaliona. Ndiye anandikhazika ine kumapeto kwa mphasa, diso lina uku lina uku, kuti amuna anga akatsitsa dzanja nanenso nditsitse langa. Koma dzanja lobwereka limachedwa. Ndikamatsitsa ine, anzathu anali atapita kale, amayi n'kulowa pambuyo, osatekeseka n'komwe, ngati ochedwa ndi enawo.

A lipenga ndiwo ankavutika koposa. Usilikali unali usanawachoke. Dzanja likatsika ankaliza basi, kaya amayi amaliza kaya sanamalize.

"Iwe," ankatero amayi, "uwauze a lipengawo kuti nkhondo inatha."

Panali malo amodzi, chakumapeto, amene anatikanika kotheratu. Pamenepo zoimbira zonse zinkakhala chete, amayi n'kutsala okha, aziimba mmene akufunira, kutalika kumene akufunira. Ndiye akamakoka mpweya womaliza, gulu lonse linkayenera kulowa pamodzi, motsitsa, kuti mawu awo otsiriza agone pamwamba pa zoimbira. Kuti zitheke, wotsogolera ankayenera kuona mapewa a woimba akukwera. Ine ndinkayesetsa kuwaonera, koma amayi sankamalizira malo amodzi kawiri. Ndikati atha, iwo akungoyamba kumene. Ndikati akadali kutali, iwo atha, atseka pakamwa, akudikira, m'kalasi muli zii. Anyamata aja ankanong'onezana m'Chiyao n'kumaseka m'manja.

Wansembe uja anabwera tsiku lina kudzamvera. Ataona chipwirikiticho anafunsa mwaulemu ngati mphasayo singachotsedwe kwa masana amodzi okha. Amayi anayankha kuti Abambo aziona za kuguwa, za apongozi awasiyire eni ake. Koma amene anakanitsitsa anali amuna anga. Anati kuli bwino nyimbo iwonongeke kusiyana n'kuti apongozi awo achite manyazi pagulu. Mawu amenewa sindinawapititse kuseri kwa mphasa, poti mphasa si khoma ndipo amayi sanali ogontha.

Chimanga chinalowa m'nkhokwe. Amalume anatumiza uthenga ku Machinga kuti ankhoswe abwere chikondwerero chikangodutsa. Tsiku lina pochokera kudambo ndinapeza mabuku a amuna anga atamangidwa bwinobwino ndi luzi, ataikidwa kuseri kwa chitseko. Ndinatenga mpeni n'kudula luzilo, mabuku n'kumwazika pansi. Ndinawakalipira kuti ndi amantha, kuti akuthawa asanathamangitsidwe, kuti ngati akupita nanenso ndikwera sitima yomweyo. Anatola mabukuwo limodzilimodzi. Anati mkazi wa kuno sasiya mayi wake ndi munda wake, ndipo iwo sangalole kuti ndidane ndi abale anga chifukwa cha iwo. Tonse tinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinakwiya kwambiri.

Tsiku la chikondwerero kunali kamphepo kozizira. Misa itatha, ana a sukulu anachita masewero awo, ndipo masana anthu anadzaza m'kalasi mpaka ena anakhala m'mazenera. Amalume anabwera atavala jekete, n'kukhala kutsogolo, chipewa pabondo. Anthu ataona mphasa ili lende pakati pa oimba anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu omvetsa. Amayi analowa atavala chirundu chawo cha biriwita, osayang'ana aliyense.

Limba linayamba motsitsa, mawu amodzi aatali. Mangolongondo anagogoda pang'ono n'kuleka. Anthu anayang'anana. Amayi atangoyamba, mayi wina wa kumbuyo anatsegula pakamwa kuti alandire monga timachitira, koma sanapeze popondera, n'kutsekanso. Pang'onopang'ono phokoso la ana linatha. Ndinayamba kumva chimene amuna anga ankanena chija. Lipenga linkafunsa, amayi n'kuyankha zina. Mangolongondo ankawathamangira, iwo osafulumira. Dzanja langa linkachedwabe, koma tsiku limenelo amayi ankalowa nthawi yake, ngati ankamva kupuma kwa munthu wa kuseri kuja.

Tinafika pamalo ovuta aja. Zoimbira zonse zinati zii. Amayi anatsala okha.

Sanaimbe monga ankaimbira Loweruka. Anayamba pansi penipeni, ngati akulankhula ndi munthu wodwala, n'kumakwera pang'onopang'ono. Ine ndinayang'ana mbali inayo n'kuona amuna anga ali chilili, dzanja m'mwamba, maso ali pa ine, akudikira chizindikiro. Kolala ya malaya awo inali yotha, ndinali nditaitembenuza ndekha. Ndipo zinandifikira kuti mwina sabata yamawa munthu ameneyu adzakhala atapita, ndipo sindidzatembenuzanso kolala yake. Misozi inangoti mbwee. Manja anga anagwera pamiyendo. Ntchito imene anandiikira pamenepo ndinaiiwala.

Amayi anandiona. Nyimbo ili pakamwa, anayenda kubwera kumapeto kwa mphasa kumene ndinakhala. Anandikankha ndi bondo kuti ndisendere. Kenaka anaponda tsidya linalo, n'kuima maso ndi maso ndi apongozi awo.

M'kalasi monse munamveka kukoka mpweya. Amuna anga anachita chimene thupi lawo linazolowera: anatembenuza nkhope, n'kuyamba kuwerama ngati akufuna polowa pansi pa tebulo. Amayi anadula nyimbo pakati.

"Mwanangu," anatero, mokweza, anthu onse akumva, "yang'anani kuno. Nanga muona bwanji?"

Amuna anga anadzutsa mutu. Amayi anapitiriza pomwe analekezera, maso ali pa iwo, osaphethira. Anakweza mapewa, anakoka mpweya, dzanja linatsika, ndipo limba, lipenga ndi mangolongondo zinalowa pamodzi kwa nthawi yoyamba. Ndikanena kuti ndinamva kukoma kwake ndinama. Ine ndinkangolira, nsalu ili kukamwa.

Nthungululu zinayamba nyimbo isanathe n'komwe. Azimayi a m'mudzi anaimirira, ena akuvina pomwepo pakati pa mabenchi. Wansembe uja anasangalala kwambiri, akuti sankadziwa kuti anthu a kuno angakonde chotere nyimbo zamakono. Palibe anamuwongola. Anali munthu wabwino, ndipo tsikulo linali lachikondwerero.

Panja amalume anawapeza amayi pansi pa mtengo wa mango. Nkhope ya amalumewo inali itachita tsinya.

"Mlongo, mwachita chiyani pamaso pa anthu? Mdzukulu ali kuti?"

"Achimwene, munthu ndamuyang'ana m'maso. Ndamuitana kuti mwanangu, inu muli pompo. Kodi kwathu kuno mwana timamuthamangitsa pamudzi?"

"Nanga mbumba?"

"Mbumba amadziwa ndi Mulungu. Ankhoswe anuwo muwauze asavutike ndi ulendo, kukuzizira."

Amalume anavala chipewa n'kumapita. Anakhala osatilankhula mpaka mvula yoyamba, kenaka anabwera okha kudzapempha aphunzitsi kuti awathandize kufolera nkhokwe, ntchito imene aphunzitsiwo sankaidziwa n'komwe.

Amuna anga anatuluka m'kalasi muja mapepala ali kukhwapa, n'kuima patali, osadziwa poika maso. Amayi anawakodola. Anabwera, n'kugwada. Ine ndinayembekezera mawu aakulu, oyenera tsiku lotere.

"Apongozi," anatero amayi, "lipenga lija muzilichepetsa. Likundiphimba."

"Ndamva, amayi."

Patapita masiku ndinawafunsa amayi tili kudimba ngati zimene anachita zija anazikonzeratu. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati anakhala akudikira mdzukulu kuti awapatse chifukwa, ndipo anatopa nako kudikirako. Anazula udzu pang'ono, kenaka anawonjezera motsitsa mawu: "Ndaimba moyo wanga wonse. Anthu amalandira, amavina, amalira. Koma wondimvetsera mpaka kudziwa pamene ndimapumira, ngakhale bambo ako sanatero."

Nyimbo ija sinaimbidwenso. Anyamata a mangolongondo anasamutsidwira kusiteshoni ina, a lipenga anatha mano, ndipo mapepala anadyedwa ndi chiswe chaka china mvula itachuluka. Mwana sitinakhale naye mpaka ukalamba, ndipo zimenezi zinkandiwawa, sindingabise. Koma nkhani ya ankhoswe sinadzukenso pakhomo pathu.

Amayi atadwala matenda awo omaliza, phala ankakana kulandira kwa ine. Ankati ndine waphuma, ndimawathira m'kamwa asanameze. Ankatembenukira kukhoma, mbale n'kumazizira pambali, mpaka aphunzitsi aweruke kusukulu.